Ufa wobiriwira wa m'dimba ndi mtima wa munthu

Mwera ukayamba kuwomba, madimba a m'mbali mwa Linthipe ndi a ku Lifuwu amadzaza tomato, ndipo tomatoyo amabwera ndi ufa uja wobiriwira wopopera chiwawu. Pa paketi amalemba kuti Copper Oxychloride, koma ogula ndi ogulitsa pa Kamuzu Road amangoti kopa. Alimi ambiri amamuona ngati mankhwala ofatsa chifukwa sanunkha ngati aja ophera mbozi, komanso sagwetsa munthu m'munda pomwepo. Kufatsa kumeneku n'kumene kumachititsa kuti paketi yotsegula igone pa shelefu limodzi ndi mchere, kapena kuti ufawo ugulitsidwe m'timajumbo topanda dzina. Kopa akachuluka m'thupi amawononga chiwindi, magazi, impso ndi mtima, ndipo njira yake yowonongera ndiyofunika kuimvetsa, chifukwa pa njira imeneyi ndi pamene ogulitsa mapilitsi a ma antioxidant, amene amati amateteza maselo a thupi kuti asawonongeke, amaika malonda awo.

Tiyambe ndi muyeso. Ufa wolembedwa 85 WP, theka la kulemera kwake ndi kopa weniweni, chitsulo chija timati mkuwa. Mukatapa magalamu 20, mwatapa magalamu 10 a kopa. Thupi lonse la munthu wamkulu limasunga kopa wokwana pafupifupi mamiligalamu 100 basi, ndipo pa tsiku limafuna mamiligalamu 0.9. Ndiye kuti kaufa ka magalamu 20 kameneka kali ndi kopa wofanana ndi wa m'matupi a anthu 100. Amene ndi woopsa kwambiri ndi copper sulphate, timiyala tabuluu tija tosungunuka msanga m'madzi: galamu imodzi yokha ndi yokwanira kudwalitsa munthu wamkulu kwambiri.

Komabe kopa si mdani. Popanda iye mtima sungagunde. Iye ndi amene ali pakati pa enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa cytochrome c oxidase, imene imamaliza ntchito yosandutsa chakudya ndi okosijeni kukhala mphamvu. Ali mu enzyme ina, lysyl oxidase, yolimbitsa makoma a mitsempha ya magazi. Ali mu superoxide dismutase, mmodzi mwa alonda amene ndifotokoze m'munsimu. Ku Western Australia ng'ombe zodya msipu wopanda kopa zinkangogwa n'kufa mwadzidzidzi, mtima utafooka. Choncho nkhani si yothawa nyemba, mtedza kapena chiwindi cha mbuzi. Kopa wa m'chakudya chathu ndi wokwanira ndipo thupi limadziwa kumusamala.

Limamusamala motere. Matumbo amatenga kopa n'kumutumiza ku chiwindi. Chiwindi sichilola kuti aziyenda yekha: wina chimamumanga pa puloteni yotchedwa ceruloplasmin, imene imanyamula kopa wochuluka wa m'magazi, wina chimamutsekera mu puloteni ina, metallothionein, wotsala chimamutayira mu ndulu kuti atuluke ndi chimbudzi. Impso zimathandizako pang'ono chabe. Kopa ali ngati moto wa pa mbaula, amene ndi wothandiza akakhala m'mbaulamo. Tsoka limayamba zomangira zikatha, kaya chifukwa munthu wameza wochuluka nthawi imodzi, kaya chifukwa khomo la ku ndulu latsekeka.

Kopa womasuka ali ndi khalidwe limodzi loipa, losinthasintha pakati pa maonekedwe awiri, Cu+ ndi Cu2+, potaya ndi kutola elekitironi imodzi. M'maselo mwathu mumakhala hydrogen peroxide pang'ono nthawi zonse, yotsalira pa ntchito yopanga mphamvu. Cu+ akakumana nayo amaiswa, n'kutuluka kanthu kotchedwa hydroxyl radical. Kanthu kameneka sikayenda mtunda. Kamalanda elekitironi ku chilichonse chimene kagundana nacho, kaya ndi mafuta a khungu la selo, puloteni kapena DNA. Kopayo satha. Amabwezeretsedwa kukhala Cu+ n'kuyambiranso, kambirimbiri. Mafuta a khungu la selo akagwidwa, kuwonongeka kumafalikira kokha ngati moto wa tchire mu Okutobala: tsinde lina limayatsa linzake. Ndi zomwe zimachitikira mafuta ophikira tchipisi akabwerezedwa masiku ambiri mpaka kuda ndi kununkha. Akatswiri amayeza zotsalira za kupsa kumeneku, makamaka malondialdehyde, kuti adziwe kukula kwa vuto. Ine ndimakonda kulitcha dzimbiri la m'thupi, chifukwa dzimbiri la pa khasu nalonso ndi okosijeni amene akudya chitsulo.

Nanga n'chifukwa chiyani mtima? Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, n'kupopa magazi okwana malita pafupifupi 7,000, omwe ndi madiramu 35 a malita 200. Supuma, ndipo susunga mphamvu yambiri ya mawa. N'chifukwa chake gawo limodzi mwa magawo atatu a selo ya mtima ladzaza ndi mitochondria, timang'anjo timene timawotcha mafuta ndi shuga. M'timang'anjomo ndi mmene hydrogen peroxide imachokera. Pamwamba pa izo, mtima uli ndi catalase, enzyme yochotsa hydrogen peroxide, yochepa poyerekeza ndi chiwindi, kutanthauza kuti moto ndi wambiri koma ozimitsa ndi ochepa. Kopa akafika pamenepo, makoma a mitochondria amayamba kudontha ndipo mphamvu imatsika. Timakomo timene timatulutsa ndi kubweza kashiamu pa kugunda kulikonse tili ndi magawo a sulufule amene amapsa msanga. Tikapsa, kashiamu amatayikira pa nthawi yolakwika, mtima n'kuyamba kudumpha kapena kuthamanga mosalongosoka. Selo ikang'ambika imatayira troponin ndi CK-MB m'magazi, ndipo izi ndi zimene labu imayeza pofuna kudziwa ngati mnofu wa mtima wavulala.

Mu 2022 gulu la Peter Tsvetkov ndi Todd Golub la ku Broad Institute ku America linaonetsa njira ina imene linaitcha cuproptosis. Kopa amamatirira mwachindunji ku ma enzyme ena a mu mitochondria, n'kuwaunjika pamodzi ngati phala lochita mibulu, selo n'kufa. Maselo odalira kwambiri mitochondria ndi amene ankafa msanga. Chimene ndimafuna kuti aliyense wogula mapilitsi achimve ndi ichi: atathira N-acetylcysteine, antioxidant wodziwika bwino, maselowo anafabe. Anapulumuka atathira mankhwala omanga kopayo.

Kwa munthu amene wameza kopa, mtima umamenyedwanso kuchokera kumbali, ndipo nthawi zambiri nkhonya za kumbalizi ndi zimene zimapha. Pasanathe ola limodzi m'kamwa mumamveka chitsulo, pamimba pamatentha, munthu amasanza zobiriwira kapena zabuluu, nthawi zina zamagazi, ndipo amatsekula m'mimba. Madzi akatha m'thupi BP imatsika, mtima n'kumathamanga wopanda chopopa. Kusanza kukaleka, achibale amaona ngati zatha. Apa ndi pamene ena amapempha kuti wodwala atuluke m'chipatala, chonsecho gawo lachiwiri likungoyamba kumene. Kuyambira tsiku loyamba mpaka lachitatu kopa amaswa maselo ofiira a magazi, ndipo wina amasandutsa hemoglobin kukhala methemoglobin, imene singanyamule okosijeni. Milomo imada, magazi amaoneka ngati chokoleti, kamakina ka pa chala koyeza okosijeni kamangoima cha pa 85 ngakhale wodwala ali pa okosijeni. Maso amachita chikasu. Mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, kenako umachepa chifukwa zinyenyeswa za magazi zatseka impso. Maselo osweka amatayira potaziyamu m'magazi, impso zofooka zimalephera kumutulutsa, ndipo potaziyamu akakwera kwambiri amaimitsa mtima.

Kuno kunyanja pali msampha wathu wathu. Mkodzo wakuda, maso achikasu ndi kuchepa kwa magazi, aliyense amaganiza malungo. Mkodzo wofiira, aliyense amati likodzo. Matenda awiriwa ndi ochuluka ku Salima ndi ku Nkhotakota moti munthu womwa kopa akhoza kupezekadi ndi tizilombo ta malungo, nkhani ya kopa n'kuiwalika. Komanso munthu akabwera atamwa mankhwala a kumunda, maganizo amathamangira ku tameki ndi anzake, amene mankhwala ake ndi atropine. Atropine sachita kanthu pa kopa. N'chifukwa chake paketi, kajumbo kapena botolo liyenera kupita limodzi ndi wodwala, ndipo woperekeza anene mtundu wa masanzi, nthawi imene wodwalayo anamwa, ndi kuchuluka kwake. Ngati munthuyo anamwa dala, musabise chifukwa cha manyazi. Dokotala ayenera kudziwa, ndipo munthuyo adzafuna womumvetsera akachira, osati womudzudzula.

Kunyumba zochita ndi zochepa. Mutsukeni m'kamwa. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni theka la kapu ya madzi kapena mkaka. Musamusanzitse, musamumwetse madzi amchere, mafuta ophikira kapena phulusa, pakuti kummero kwapsa kale. Makala, ngakhale aja a kuchipatala, sagwira bwino zitsulo. Mugoneke chammbali ndi kupeza njinga yamoto kapena galimoto. Kuchipatala amayamba ndi diripi kuti BP ikwere ndiponso impso zisaume, amayeza kuchuluka kwa magazi tsiku ndi tsiku, amayang'anira mkodzo, potaziyamu ndi ECG, ndipo amaika magazi akachepa. Mankhwala okoka kopa ndi penicillamine, dimercaprol ndi calcium EDTA. Impso zikaima wodwala amafunika dialysis, makina otsuka magazi, ndipo kwa ife kuno imeneyo ndi nkhani ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa anzathu a zachipatala: methylene blue, amene amachiza methemoglobin, amaswa magazi mwa munthu amene ali ndi vuto la G6PD, ndipo vutoli ndi lofala pakati pa amuna a m'madera a malungo ngati athu ano.

Pali njira inanso yapang'onopang'ono. Matenda a Wilson, amene dokotala Kinnier Wilson anawafotokoza ku London mu 1912, ndi obadwa nawo: khomo lotayira kopa mu ndulu, lotchedwa ATP7B, silitseguka. Amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 30,000, ndipo amaonekera pa ubwana kapena pa unyamata. Mwana wa sukulu amene chiwindi chikutupa popanda chifukwa chodziwika, manja akunjenjemera, malankhulidwe akulemera, khalidwe lasintha, n'kosavuta kumupititsa kwa asing'anga kapena kumuyesa wosuta chamba. Woyeza maso akhoza kuona mkombero wofiirira m'mphepete mwa diso. Ena mwa odwalawa mtima umagunda mosalongosoka kapena umafooka. Matendawa amagonja ku mankhwala: John Walshe anayamba kugwiritsa ntchito penicillamine mu 1956, ndipo lero palinso trientine ndi zinki.

Ziwiya nazo zimapatsira. Ku India makanda ambiri ankafa ndi chiwindi chifukwa cha mkaka wowiritsidwa ndi kusungidwa m'miphika ya mkuwa, ndipo matendawo anachepa mabanja atasintha ziwiya. Chilichonse chowawasa chimasungunula kopa: thobwa wogona, chambiko, madzi a bwemba, a malambe kapena a mandimu. Mabotolo a kopa amene akutsatsidwa pa Facebook kuti amatsuka magazi, musamathiremo zoterezi, ndipo kunena zoona sindiona chifukwa chowagulira n'komwe. Paipi ya kopa yochotsedwa ku filiji yakale n'kuikidwa pa mphika wa kachasu imachita ndere zobiriwira m'kati, ndipo nderezo zimatsikira m'botolo, kwa munthu amene chiwindi chake chatopa kale ndi mowa. M'nyumba za mapaipi a kopa ndi giza, monga malo ena ogona alendo, madzi amene agona m'paipi usiku wonse ayambe atayidwa kwa mphindi imodzi, ndipo madzi a mpopi wotentha asapangire mkaka wa mwana. Bungwe la WHO linaika malire a mamiligalamu 2 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Dontho labuluu pa sinki ndi chizindikiro choti madziwo akudya paipi.

Amayi ena amafunsa za lupu ya kopa. Kopa amene imatulutsa ndi wochepetsetsa ndipo amagwira ntchito m'chiberekero momwemo. Siwononga mtima. Amene sayenera kuikidwa ndi mayi wa matenda a Wilson.

Tsopano alonda. Thupi silidikira botolo la ku famase kuti lidziteteze. Superoxide dismutase amasandutsa chotsalira choyamba cha okosijeni kukhala hydrogen peroxide. Catalase ndi glutathione peroxidase amasandutsa hydrogen peroxide kukhala madzi asanakumane ndi kopa. Glutathione, amene thupi limapanga kuchokera ku zakudya zomanga thupi, amagwira kopayo ndi kumuperekeza. Vitamini E amakhala m'mafuta a khungu la selo ngati mseu wotchinga moto, ndipo vitamini C amamudzutsa akatopa. Aliyense wa alondawa ali ndi chimene amadya. Superoxide dismutase amafuna kopa, zinki ndi manganizi. Glutathione peroxidase sagwira ntchito popanda seleniyamu.

Pa seleniyamu ndi pamene dziko lathu lili ndi bala. Kafukufuku wa Dr Allan Chilimba ndi anzake anaonetsa kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi seleniyamu wochepa chifukwa nthaka yake ndi ya asidi, kupatula malo ngati chigwa cha Shire. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti anthu oposa theka ali ndi zinki wochepa, ndipo magazi a amayi a m'kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti ambiri alibe seleniyamu wokwanira. Kuti seleniyamu akhudza mtima si nkhambakamwa: ku Keshan ku China ana ndi amayi ankafa ndi mtima wotupa mpaka boma litayamba kugawa seleniyamu. Ife a kunyanja tili ndi mwayi umene a kumtunda amaugula modula. Usipa, utaka ndi matemba odyedwa ndi mutu ndi minga zomwe amapereka seleniyamu, zinki ndi zomanga thupi pa mbale imodzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti banja la msodzi wa ku Senga Bay kapena ku Chia limatha kugulitsa nsomba yonse n'kudya kondowole ndi chigwada chokha sabata yathunthu. Chigwada n'chabwino, makamaka chotendera, pakuti nsinjiro zili ndi vitamini E, koma sichilowa m'malo mwa nsomba. Malambe, magwafa ndi mango zimakwaniritsa vitamini C. Masamba asaphikidwe ndi soda wambiri mpaka kusanduka phala, chifukwa soda amapha vitamini C.

Mapilitsi ndi nkhani ina. N'zoona kuti makoswe opatsidwa kopa limodzi ndi vitamini E, seleniyamu, curcumin wa mu turmeric kapena quercetin wa mu anyezi amapezeka ndi malondialdehyde wochepa ndiponso mtima wosawonongeka kwambiri. Koma khoswe amapatsidwa mankhwalawo pa muyeso waukulu, kawirikawiri asanalandire poizoni kapena nthawi yomweyo, pamene munthu amafika vuto litachitika kale. Atayesa mwa anthu, zotsatira zinakhumudwitsa. Kafukufuku wa HOPE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2000, anapatsa anthu oposa 9,000 vitamini E wa 400 IU tsiku lililonse kapena pilitsi lopanda kanthu, ndipo matenda a mtima sanachepe. Atawatsatira zaka zina, omwa vitamini E anapezeka kuti mtima wawo ukufooka kuposa anzawo. Vitamini C ndiye ali ndi mbali yoopsa pa nkhani ya kopa: ndi mmodzi mwa amene amabwezera Cu2+ kukhala Cu+, kutanthauza kuti pamene pali kopa womasuka akhoza kukolezera moto womwe uja. Dokotala akhoza kumugwiritsa ntchito pa methemoglobin akuyang'anira, koma kumwetsa munthu womwa kopa mapilitsi a vitamini C kunyumba si chithandizo. Zinki naye amatsekereza kopa m'matumbo, n'chifukwa chake amathandiza a Wilson. Koma munthu wabwinobwino akamamwa woposa mamiligalamu 40 pa tsiku kwa miyezi, amagwera mbali inayo, ya kusowa kopa, magazi n'kuchepa ndi miyendo kuchita dzanzi. Zinki wa masiku 10 mpaka 14 wa mwana wotsekula m'mimba alibe vuto limeneli.

Choncho chitetezo chenicheni chili m'dimba momwe nkhaniyi yayambira. Gulani kopa wa m'paketi yosindikizidwa, yovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, osati wa m'kajumbo. Muyeso wake ndi umene walembedwa pa paketiyo malinga ndi malita a sipuleya yanu; kuwonjezera sikupha chiwawu msanga, kumangowotcha masamba ndi maluwa. Kopa sachiza tsamba lodwala kale, amangotchinga labwino, ndiye kupopera tsiku ndi tsiku m'munda woti wagwidwa kale n'kutaya ndalama. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosungunula, ufa ukadali wouma. Thirani madzi pang'ono mu ndowa yake yake, ikani ufa mphepo ili kumsana kwanu, takasani ndi kamtengo mpaka ukhale phala, kenako muthire mu sipuleya ya madzi ofika theka n'kudzazitsa. Mphuno ndi pakamwa zitsekedwe, manja avale magolovesi, mapazi nsapato za jombo. Nozo ikatseka itsukeni ndi madzi ndi kaudzu, osauzira ndi pakamwa. Poperani m'mamawa mame atauma, mwera usanakule. Ku Portugal, opopera mphesa ndi madzi a kopa kwa zaka zambiri anapezeka mu 1969 ndi mapapo a zipsera zobiriwira, ndipo mapapo olimba amatopetsa mbali ya kumanja ya mtima.

Dikirani masiku amene paketi yanena musanathyole, ndipo tomato wothyola kale asapoperedwe kuti achedwe kuwola. Kwa ogula, kopa salowa m'kati mwa chipatso, amakhala pa khungu ndi m'kadzenje ka pa phesi. Kutsuka ndi madzi ambiri mukupukuta ndi zala kumamuchotsa. Paketi yotsala imangidwe, ikhale pamwamba m'chipinda chokhoma, kutali ndi ufa ndi shuga, chifukwa kwa mwana wa zaka zitatu ufa wobiriwira ndi juwisi wosungunula.

Madzi otsukira sipuleya muwapopere m'munda momwemo katatu, osati m'ngalande kapena pa dooko. Kopa sawola ngati mankhwala ena, amaunjikana m'nthaka chaka ndi chaka, ndipo mayiko a European Union anafika poika malire a makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka 7. Nkhosa zikamadya udzu wa m'mphepete mwa dimba lopoperedwa zimasunga kopa m'chiwindi mwakachetechete, n'kudzagwa tsiku limodzi mkodzo uli wakuda. Nsomba ndiye sizipirira n'komwe: muyeso wa kopa umene munthu sangaumve n'kukoma komwe m'madzi ndi wokwanira kuwotcha makha a tiana ta chambo m'madambo a m'mbali mwa Linthipe, mmene timabisala tisanalowe m'nyanja.